Chipilala Chachitatu

Ku tauni, 6 Okutobala

Achimwene,

Muli bwanji kumeneko? Amayi mawondo aja akuwalola kuyenda? Alamu ndi ana ali bwanji? Ine kuno ndili bwino, kungoti dzuwa likuotcha ngati tinalilakwira.

Foni yanu ndatopa nayo. Ikalira mumati muli pa chiwongolero, ikapanda kulira mumati yatha moto. Ndiye ndabwerera ku pepala, popeza amayinso amakonda kuwerengeredwa. Kalatayi ndampatsira kondakitala wa basi ya m'mawa, pamodzi ndi mankhwala awo.

Mundikhululukire kuti tsiku lija tinabwera kudzaika zipangizo pa mlatho sindinagone kunyumba. Galimoto inali ya ofesi, ndipo abwana sadikira munthu. Munandifunsa kuti timabokosi totuwa tija n'tachiyani, ine n'kuyankha phazi limodzi lili kale m'galimoto. Lero ndifotokoze bwino. Pa chipilala chilichonse cha mlatho tinamatapo kachipangizo kotchedwa sensa. Kamamva mlatho ukamanjenjemera, kamamva mng'alu ukamakula, ndipo chipilala chikapendekeka ngakhale pang'ono ngati kunenepa kwa chikhadabo, iko kadziwa. Bokosi lija limatenga moto ku sola ili pamwamba pake n'kumatumiza uthenga kuno monga imachitira foni. Ine ndimakhala m'chipinda chozizira chodzaza makompyuta, mlatho uliwonse uli ndi mzere wake. Mzere ukakhala wobiriwira, zonse zili bwino. Ukasanduka wachikasu timapita kukaona. Ukafiira timatseka mlatho.

Milatho ndi yambiri, koma m'mawa uliwonse ndimayamba ndi wakwathu. Lole yolemera ikadutsa mzere umavina, ine n'kumati mumtima, awo ndi achimwene, adzazanso mopyola muyeso.

Pali kanthu kamodzi. Chipilala chachitatu, cha mbali ya kumsika, chikukhala ngati chikusuntha pang'onopang'ono. Mwina n'kutenthaku chabe. Mukamadutsa mudzasuzumire pansi pake, mundiuze chimene mwaona.

Ndine mlongo wanu.


Kunyumba, 20 Okutobala

Injiniya,

Kalata yako tinalandira, ndi mankhwala omwe. Tonse tili bwino. Amayi anati ndiwawerengere kawiri, ndipo dzuwa lisanalowe aliyense anali atamva kuti mzime wawo amaona mlatho ali chikhalire pa mpando ku tauni.

Nkhaniyo yanenepa m'njira. Tsopano anthu akuti m'mabokosi muja muli maso, ndipo iwe umaona aliyense wowoloka pamodzi ndi amene wamunyamula pa njinga. Amuna ena ayamba kuwoloka chipewa chili mpaka pamphuno. Atelala aja oyandikana nafe, amene amapita kumsika m'mawa uliwonse mutu wa makina atamangirira pa kaliyala, iwo ndiye amachita zina. Akafika pa bokosi amatsika pa njinga n'kupereka moni, akuti sangadutse Injiniya ngati akudutsa chitsa. Ndinawauza kuti sukumva. Anati ulemu suyembekeza kumvedwa.

Ntchito ikuyenda. Ndapeza bwana wina amene akumanga masitolo kuseri kwa msika, akufuna mchenga tsiku lililonse. Lole ija yakalamba, imatsokomola m'mawa kuposa amayi, koma ikutidyetsa.

Za chipilala chako, ndinasuzumira. Chili chiimire monga chinalili pamene ine ndi iwe tinkasambira pansi pake. Mtsinje waphwa, kwatsala kamadzi koti mbuzi n'kudumpha. Mwina makina akowo ali ndi malungo, uwapatse mankhwala ngati amene umatumizira amayi.

Mtsikana wanga wamkulu akuti azakhali asaiwale nsapato za sukulu. Phazi lake lafanana ndi la amayi ake tsopano, ndiye usagule za mwana.

Ndine mlongo wako wamkulu, dalaivala wopanda digiri.


Ku tauni, 3 Novembala

Achimwene,

Ndikukhulupirira kuti nonse muli bwino. Nsapato ndatumiza. Kalata iyi yokha musawawerengere amayi.

Mzere wa chipilala chachitatu wasanduka wachikasu. Abwana anatumiza anzanga awiri ndi kandege kojambula kopanda woyendetsa, ndipo zithunzi zinafika pa kompyuta yanga. Pansi pa mlatho pali maenje akuluakulu, lina lafika mpaka pa tsinde la chipilala. Pali njira ya matayala yotsikira kumtsinje. Ndipo pali lole yabuluu ya chitseko choyera. Chitseko chimenecho tinakachisankha limodzi kwa ogulitsa zitsulo zakale, inu n'kumati mudzachipaka utoto mwezi wotsatira.

Abwana anaima kumbuyo kwanga n'kunena kuti, "Taonani anthu awa, akudula nthambi imene akhalira." Ine ndinati, "Inde, bwana." Sindinanene kuti loleyo ndikuidziwa.

Achimwene, sindikukudzudzulani. Ndikungofuna mumvetse. Chipilala chili ngati dzino. Chimene mumachiona pamwamba n'chochepa, chimene chimachigwira ndi mchenga ndi miyala yozungulira tsinde lake. Usinini ukatha, dzino limaonekabe lomwelo mpaka tsiku loluma chinthu cholimba. Mvula ikayamba, madzi adzalowa m'maenje mwakumbamo n'kupitiriza ntchito imene mafosholo anu anayamba, ndipo madzi sapuma masana.

Chonde sunthirani kumunsi kapena kumtunda, kutali ndi mlatho. Muwauzenso anzanu. Mukasiya tsopano, mwina ofesi ingothiramo miyala m'maenjemo nkhani n'kutha. Koma mzere ukafiira mlatho utsekedwa, ndipo ine sindingathe kuuletsa.

Ndine mlongo wanu.


Kunyumba, 16 Novembala

Mlongo wanga,

Tili bwino. Nsapato zamukwana, akuthokoza.

Kani m'kalata yoyamba ija unkandifunsa ngati wosadziwa, pamene unali utadziwa kale? Unkafuna uone ngati ndinama? Ndinkaseka anthu ovala zipewa, osadziwa kuti wozondedwa ndine.

Ukuti ndisunthire kumunsi. Kumunsi n'matope, palibe womanga angagule. Kumtunda kulibe njira, lole ingatitimire mpaka chaka chamawa. Pa kompyuta yako mtsinje wonse ndi mchenga, koma ife amene timauponda timadziwa. Ndiponso okumba tilipo ambiri, a ngolo, a mawilibala, ndi malole awiri ochokera ku tauni kwanu komweko. Kandege kako kanangoona ine ndekha?

Mlatho umenewu unamangidwa tonse tisanabadwe. Madzi osefukira aja amene anakokolola nyumba za kudimba unawapirira popanda bokosi lililonse. Lero ugwe chifukwa cha fosholo yanga?

Tsono tandiuza, mukautseka amayi adzapita bwanji kuchipatala? Njira yozungulira ija ukuidziwa, munthu umanyamuka m'mawa n'kufika adokotala akutseka. Ana a sukulu adzawoloka bwanji? Amayi ogulitsa masamba adzawagulitsa kwa yani, kwa ng'ona? Kulemba mzere wofiira n'kosavuta kwa munthu amene chipatala chili kuseri kwa nyumba yake.

Ndimalize kaye mchenga wa bwana wa masitolo, kenako ndisiya. Ndikasiya lero, ana angawa adya kompyuta?

Amayi anafunsa chimene walemba. Ndinati wangopereka moni.

Mlongo wako.


Kunyumba, 1 Disembala

Alamu,

Ndine mlamu wanu ndikulemba. Achimwene anu akuti dzanja lawo latopa ndi chiwongolero, koma ine ndikudziwa kuti n'kuuma mutu chabe. Muli bwanji kumeneko? Kuno tili bwino, ana akulemba mayeso, mvula yayamba kugwa mwa apo ndi apo.

Masabata apitawa kuno kunali kovuta. Sindikudziwa amene anaulula, koma zinamveka kuti mlatho utsekedwa ndipo wolamula ndinu. Pa mjigo ndikafika, nkhani imaduka ngati ulusi. Mayi wina anandifunsa pamaso pa anthu kuti, "Kodi alamu anu aja anaphunzira kuti atitsekere m'khola?" Apongozi anasiya kukhala pakhonde. Ankangoti, "Mwana wanga sangachite zimenezo," koma chakudya ankangochigwiragwira.

Ndiye Lachitatu lapitali achimwene anu anabwera madzulo buluku litanyowa mpaka m'mawondo, n'kunena kuti, "Amayi, idyani mwamtendere, mlatho sutsekedwa. Nkhaniyo yatha." Ndinafunsa kuti yatha bwanji. Anati zaukadaulo sizindikhudza. Ine ndinadziwa pomwepo kuti mwalankhulana, ndipo mwawapepesera anthu akwanu kwa abwana anu.

N'chifukwa chake ndalemba, kuti ndikuthokozeni. Ndikudziwa kuti si chapafupi munthu wamkazi kutsutsa mabwana mu ofesi. Chibale ndi fupa, sichiola. Apongozi abwerera pakhonde pawo, ndipo akuuza aliyense wodutsa, ngakhale amene sanafunse.

Mudzabwere pa tchuthi. Chipinda chanu ndachotsamo matumba a feteleza.

Ndine mlamu wanu.


Ku tauni, 8 Disembala

Achimwene,

Moni kwa nonse. Alamu muwauze kuti kalata yawo ndinalandira, koma musawauze kuti zikomo wawo sali wanga.

Bokosi la pa chipilala chachitatu linasiya kulankhula Lachitatu lomwe lija munabwera kunyumba buluku litanyowa. Mabokosi enawo akutumizabe uthenga. Ilo lokha lili chete, ndipo pamene panali mzere wachikasu pali mpata wotuwa.

Batire ikamatha, bokosi limayamba ladandaula, uthenga umabwera modukaduka kwa masiku angapo. Ili linangoduka kamodzi n'kamodzi, moto uli wodzaza. Zimenezo zimachitika munthu akazula waya. Ndipo amene ndinamufotokozera m'kalata kuti bokosi limatenga moto ku sola ndi mmodzi yekha.

Abwana anandifunsa kuti chavuta n'chiyani. Ndikanati lazulidwa, galimoto ikanabwera tsiku lomwelo, koma ikanabwera ndi apolisi, ndipo chithunzi cha lole chija chili kale m'faelo. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ndinati, "Mwina ndi batire, bwana, kumeneko kuli mitambo." Iwo anagwedeza mutu, popeza nyengo ino mabatire amavutadi m'milatho yambiri. Analilemba pa mndandanda wa zokakonza, kumunsi kwenikweni. Okonzawo ali ndi galimoto imodzi, ndipo sangafike kwathu chaka chino.

Ndiye tsopano mlatho umene amayi amawolokapo ulibe woumvetsera, ndipo amene wautseka pakamwa ndife awiri.

Chonde pitani mukabwezeretse. Waya wofiira alowe pa bowo la chizindikiro chofiira, wakuda pa linalo, kenako mudikire kanyale kobiriwira kayambe kuphethira. Palibe adzadziwe. Ndidzanena kuti dzuwa lawala, batire yadzuka.

Pa tchuthi sindibwera. Sindingathe kukhala pakhonde amayi akundinyadira.

Mlongo wanu.


Kunyumba, 5 Januwale

Injiniya,

Ndakhala chete nthawi yaitali. Manyazi anandigwira. Foni ndinkaiona ikulira dzina lako, osaigwira. Kamodzi ndinakuimbira ine, n'kudula isanalire.

Tonse tili bwino. Amayi anakudikira pa tchuthi mpaka basi yomaliza.

Za waya, sunaname. Ndinkati ndikangomaliza mchenga wa bwana uja ndidzabwezeretsa. Mchenga ndinamaliza, ndipo kukumba ndinasiya. Ndinapita ndi kalata yako m'thumba, kukwera pa chipilala ngati mnyamata. Koma tsiku lozula lija ndinakoka ndi mkwiyo, ndiye waya wofiirayo anadukira m'kati mwa bokosi. Ndinayesa kulumikiza ndi waya wa lole, ndi tepi, kanyale kako sikanaphethire. Tsopano madzi akwera, munthu sungafikeko.

Pali china. Dzulo ndikuwoloka lole yopanda katundu, nditafika pa chipilala chachitatu ndinamva ngati tayala latsika pa sitepe. Ndinaima n'kutsika. Pamene zidutswa ziwiri za mlatho zimakumana, china chatsika pang'ono, koti chala n'kulowa. Ndinaganiza zoimika lole mopingasa msewu kuti anthu asadutse. Kenako ndinaganiza kuti andifunsa kuti ndadziwa bwanji, ndipo ndine amene ndinauza aliyense kuti nkhani yatha. Ndinakwera lole n'kubwera kunyumba.

Uwauze abwana ako abwere msanga. Dzina langa usatchule, koma uwauze. Ngati n'kutseka, atseke. Amayi ndiziwazunguliritsa ine.

Kondakitala wathu uja akudwala, ndiye kalatayi ndikumpatsira wogwirizira m'malo mwake. Akuti ofesi yako akuidziwa.

Mlongo wako.


Ku tauni, 9 Januwale

Achimwene,

Mwezi watha osamva kanthu kwa inu. Sindikudziwa ngati mukudwala, ngati mwakwiya, kapena ngati makalata anga mukusonkhezera moto. Amayi ali bwanji?

Bokosi likadali chete. Kumapiri kumene mtsinje wathu umachokera mvula ikugwa osalekeza, ndipo mabokosi a zipilala zinazo akuonetsa kuti mlatho ukunjenjemera kuposa kale. Koma iwo amangonena za zipilala zawo. Chodwalacho n'chimene sichikulankhula.

Dzulo ndinapita mpaka pa chitseko cha abwana. Ndinakweza dzanja kuti ndigogode, n'kumva akuseka pa foni, ine n'kubwerera ngati ndimapita kukamwa madzi. Ndimadziuza kuti mwina mwabwezeretsa koma netiweki ikuvuta. Ndimadziuza kuti mlathowo unapirira madzi oposa awa, monga munanenera inu. Mawu anu omwe ndinawatsutsa ndi amene ndikudzitonthoza nawo.

Ndikupatsani mpaka Lolemba. Lolemba m'mawa ndikanena zonse, mundiyankhe kapena musandiyankhe. Pakadali pano amayi asawoloke, ndi ana omwe. Pezani chifukwa chilichonse.

Mlongo wanu.


Kunyumba, 14 Januwale

Alamu,

Mwamva kale ku ofesi kwanu, koma ndati mumve kwa ife. Choyamba, apongozi ndi ana onse ali bwino. Achimwene anu ali ndi mabala m'manja basi.

Zinachitika Loweruka m'mawa, anthu akupita kumsika. Tinamva phokoso ngati la mtengo waukulu ukugwa, kenako kukuwa. Chipilala chija chinatitimira, ndipo chidutswa chimodzi cha mlatho chinagwera m'madzi mbali imodzi, ngati chitseko chothyoka. Minibasi ina inaima itatsala pang'ono kufika. Amayi awiri osenza madengu anathawa chobwerera. Koma atelala athu anali pakati penipeni pa njinga yawo. Anatsetsereka ndi njinga ndi makina omwe, n'kukagunda pa chitsulo, madzi ali m'khosi.

Achimwene anu anathamanga osavala nsapato. Anamanga chingwe cha lole m'chiuno n'kutsika, amuna ena atagwira kumtunda. Anawatulutsa atawabereka kumsana, n'kuwatengera kuchipatala pa njira yozungulira ija. Atelala ali moyo. Akulankhula, akudya. Koma msana unavulala, ndipo miyendo sakuimva. Adokotala sakulonjeza kanthu. Munthu amene moyo wake wonse wadya ndi mapazi, kupalasa njinga ndi kupalasa makina.

Alamu, anthu omwe ankakunenani aja lero akuti, "Injiniya ananena, ife sitinamve." Mayi wa pa mjigo uja anabwera kudzapepesa kwa apongozi. Achimwene anu akuwatcha ngwazi, akadutsa ana amawatsatira. Koma iwo sakudya. Amakhala kuseri kwa lole n'kumayang'ana manja awo.

Dzulo ndikuchapa buluku lawo ndinapeza kalata yanu ya mwezi watha m'thumba, yonena za waya wofiira ndi wakuda. Sindinafune kuwerenga, koma ndinawerenga. Ndinaibweza momwemo. Zikomo wanga uja ndikumuchitira manyazi, chifukwa ndine ndinanyamula nkhaniyo kupita nayo ku mjigo, kuuza aliyense kuti awoloke osaopa.

Mlamu wanu.


Ku tauni, 23 Januwale

Achimwene,

Kalata yanu ya pa 5 yandipeza dzana. Kondakitala wogwirizira uja anaisiya pa geti la ofesi ina, ndipo mlonda wa kumeneko anaisunga m'kabati mpaka wina ataona dzina langa. Ndinaiwerenga nditaimirira pakhonde. Ikanafika pa nthawi yake mlatho ukanatsekedwa tsiku lomwelo. Ndinafuna kwambiri kukwiyira kondakitalayo, koma sizinatheke. Ine sindinkafunikira kalata kuti ndigogode pa chitseko chija.

Manja anu akupola? Amayi akugona tulo?

Lolemba lija linafika mlatho utagwa kale, ndipo chitseko cha abwana sindinagogode. Kenako kuno kunali msonkhano. Akuluakulu anabwera, ndipo abwana anaonetsa mzere wachikasu uja ndi mpata wotuwa wotsatira. Anati zipangizo zinaona vuto msanga, ndipo zikanachenjeza anthu batire ikanapanda kufa. Ananditchula dzina, kundiyamikira kuti ndine ndinayamba kuona. Anthu anaomba m'manja. Kenako anati wolakwa ndi amene analumikiza mabokosiwo, mnzanga wa zamagetsi, bambo wa ana atatu amene tsiku loika mabokosi lija munamupatsa madzi akumwa. Anati achotsedwe ntchito. Bokosilo linapita ndi madzi, ndiye analibe chodzitetezera nacho. Ankangopinda chipewa chake.

Msonkhano utatha ndinawatsatira abwana mu ofesi. Ndinawauza kuti batire sinafe, kuti waya anazulidwa ndi munthu, kuti ine ndinadziwa kuyambira tsiku loyamba n'kulemba zina. Anandifunsa kuti, "Unkateteza yani?" Ndinati ndiyankha sabata yamawa. Anati ndisiye makiyi a chipinda cha makompyuta pa tebulo, ndikadikire kunyumba.

Mnzanga uja wabwerera pa ntchito. Ine sindikudziwa ngati ndidzabwerera.

Dzina lanu sindinatchule, koma chithunzi cha lole ali nacho, ndipo si ana. Sindikufuna kuti mumve kwa apolisi. Ndiuzeni chimene mukufuna kuti ndikanene.

Mlongo wanu.


Kunyumba, 2 Febuluwale

Mlongo wanga,

Manja apola. Amayi ali bwino, sakudziwabe kanthu.

Atelala anawatulutsa m'chipatala. Ali kunyumba kwawo, amagona pa matiresi pabalaza chifukwa bedi ndi lalitali. Lachinayi lililonse ayenera kubwerera kukaongoledwa miyendo, ndipo ndimawatenga ine pa lole. Ndimawanyamula m'manja ngati mwana, kuwaika pa mpando wakutsogolo, kuwatchinga ndi mapilo. Njira yonse amalankhula. Amandiuza kuti akachira adzandisokera suti yoti ndidzaikidwe nayo m'manda, chifukwa ina yoposa imeneyo sindidzaipeza. Tikafika pa bampu amati, "Pepani adalaivala, ndakulemetsani." Iwo kupepesa ine.

Dzana akazi awo anabwera ndi tambala, yekhayo amene anali naye. Anagwada pakhomo n'kunena kuti, "Mukanapanda inu, bwenzi ndili wamasiye." Ndinakana, iwo anaumirira, amayi anati kukana mphatso n'kunyoza. Tambalayo ali m'khola, ndipo akalira m'mawa ndimamva ngati akunditchula.

Ndinakukwiyira kuti unandizonda. Lero ndikuona kuti ukanandizonda zenizeni, ukananditchula tsiku lomwe unaona chithunzi, bwenzi atelala akuyenda. Unandichitira chifundo, ine n'kuchisandutsa ichi. Ntchito yako, imene unaivutikira zaka zonse zija, ndaigwetsanso ine.

Ukawauze abwana ako dzina langa. Ku polisi ndipita ndekha, asavutike ndi mafuta. Koma ndiyamba ndapita kwa atelala, chifukwa Lachinayi lina sindingathenso kumva zikomo wawo.

Mlongo wako.


Kunyumba, 20 Febuluwale

Alamu,

Muli bwanji? Tamva kuti nkhani yanu akuluakulu sanagamulebe. Mukudya? Kuno ana ali bwino. Achimwene anu andipempha kuti ndilembe ine.

Kwa atelala anapita, ndipo ine ndinawaperekeza. Anakana mpando, anakhala pansi pafupi ndi matiresi. Ananena zonse, za mchenga, za waya, za tsiku limene anaona mlatho utatsika n'kubwera kunyumba osauza munthu. Sanadzichepetsere mlandu ngakhale pang'ono. Za inu sanafune kunena, koma atelala anafunsa okha kuti, "Nanga Injiniya sanaone kuti bokosi lake lafa?" Achimwene anu anati, "Anaona. Anakhala chete chifukwa cha ine."

Akazi a atelala anatuluka panja, ndipo mpaka lero sandiyankha moni. Atelala anapempha madzi. Ine ndinawapatsa. Atamwa anati, "Lachinayi andinyamula ndani?" Achimwene anu anati, "Ine, ngati mulola." Iwo anati, "Galimoto ina kulibe. Mubwere. Koma m'njira musandilankhule." Ndi mmene akuyendera tsopano, ulendo wonse wopita ndi wobwera, opanda mawu.

Ku polisi nakonso achimwene anu anapita. Anawalemba n'kuwauza kuti adikire tsiku la kukhoti. Anthu amva. Ana asiya kuwatsatira. Ena mwa okumba anzawo ndi amene akulankhula kwambiri.

Apongozi tinawauza tsiku lomwelo, asanamve kwa ena. Sanalire. Anafunsa ngati atelala ali ndi bulangete lokwanira, n'kutumiza lawo. Madzulo anandiitana n'kunena kuti, "Umulembere mzime wanga. Umuuze kuti kubisala ku tauni sikuchiza munthu. Abwere."

Ndiye bwerani, alamu. Basi tsopano imathera kutsidya, pafupi ndi msika. Mukatsika mufunse bwato, limaolotsa anthu kumunsi kwa mlatho. Kuchokera pa dooko njira ndi imodzi yokha, ndipo imadutsa pakhomo pa atelala. M'mawa amawatulutsa pakhonde kuti aothere dzuwa, ndiye adzakuonani musanawaone.

Afunsa za inu kawiri. Chimene akufuna kukuuzani sindikuchidziwa.

Ndine mlamu wanu.